Kusankha mkulu wa zamasewero pa yunivesite: tiziyang'ana chiyani mwa ofunsira ntchito?

[Bwalo la mpira la pasukulu, m'mawa. Wolankhula waima pafupi ndi golo.]

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Area 25, ku Likuni, ku Bunda kapena kunja kwa dziko lino. Lero tikambirane za mpando umodzi wa pa yunivesite umene sumveka kwambiri pa wailesi, mpando wa mkulu woyang'anira zamasewero. Tiyerekeze kuti sukulu ina ya ukachenjede muno mu Lilongwe yalengeza kuti ikufuna munthu pa mpandowu. Makalata ofunsira ntchito abwera mulu, anthu asanu aitanidwa ku intavyu, ndipo inuyo mwaikidwa m'gulu lofunsa mafunso. Musankha potengera chiyani?

Tiyambe tamvana kuti ntchitoyi ndi yotani, chifukwa ambiri amaisokoneza ndi ya kochi. Kochi amakonzekeretsa timu imodzi kuti ikapambane Loweruka. Mkulu wa zamasewero ndi amene amapeza makochiwo, amalemba bajeti, amasunga mipira, majezi ndi maukonde, amaonetsetsa kuti bwalo latchetchedwa ndipo mizere yalembedwa, amapempha basi ndi mafuta ake. Ndi amene amakhala pa misonkhano ya TESSAM, bungwe loyendetsa masewero a ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo ndi yemweyo amene amagogoda ku FAM, ku NAM (bungwe la ntchemberembaye) ndi ku Malawi National Council of Sports. Mwana wa munthu akathyoka mwendo ku Zomba madzulo, foni imene imalira ndi yake.

Ku America mpandowu ndi waukulu zedi. Bwalo la yunivesite ya Michigan lokha mumalowa anthu oposa 107,000, pamene mu Bingu National Stadium ku Area 48 mumalowa anthu pafupifupi 41,000. Ife ndalama zoterozo tilibe. Koma zimene zagwetsa akuluakulu a masewero kumeneko ndi zomwezo zimene zingatigwetse kuno, ndipo nditchulako zingapo m'kati mwa nkhaniyi.

[Patebulo pali mulu wa makalata ofunsira ntchito.]

Msampha waukulu ndi dzina. Pa mulu uja sipalephera wina amene anasewerapo mu Super League, mwinanso anavalapo jezi ya Flames kapena ya Queens. Akangolowa m'chipinda aliyense amamwetulira, mafunso n'kusanduka macheza a mpira wakale. Ine ndimawalemekeza anthu amenewa, ndipo ena mwa iwo ntchitoyi angaithe bwino. Koma kumwetsa zigoli ndi luso lina, kuyendetsa ofesi ndi luso linanso. Chimodzimodzi uja wabwera ndi madigiri awiri ndi CV ya masamba khumi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala likuuzani kumene munthu anaphunzira ndi kumene anagwirako ntchito, koma silikuuzani ngati kumeneko ankabweza malisiti akachoka pa ulendo.

N'chifukwa chake ndikuti musamangomufunsa kuti masomphenya anu ndi otani. Funso limenelo aliyense analikonzekera ali kunyumba, ndipo yankho mukulidziwa kale: zikho, mabwalo atsopano, makampani othandiza. M'malo mwake mupatseni pepala, cholembera ndi ola limodzi. Muuzeni kuti matimu atatu, ya mpira wamiyendo ya anyamata, ya ntchemberembaye ndi ya volebo, akuyenera kukasewera ku Mzuzu kumathero a sabata ino. Ulendo ndi wa makilomita oposa 300. Basi ya sukulu ilipo imodzi ndipo kalasi ina yaisungitsa kale. Ndalama zimene zatsala mu bajeti zingokwanira matimu awiri. Osewera anayi ali ndi mayeso Lolemba m'mawa. Tikonzereni ulendowu.

Kenako muwerenge zimene walemba, modekha. Kodi mafuta wawerengera opita ndi obwerera, kapena wangolemba nambala ya m'mutu? Waikapo alawansi ya dalaivala, chakudya cha panjira, malo ogona osiyana a atsikana ndi anyamata, ndi mayi wamkulu woperekeza atsikanawo? Pobwerera basi ikunyamuka nthawi yanji? Kuyenda usiku pa msewu wa M1 ndi ana otopa odzaza basi, dalaivalanso ali wotopa, si chinthu chopepuka. Nanga ndalama zitaperewera muja, wasiya timu iti? Apa mpamene mtima wa munthu umaonekera. Ngati wasiya atsikana, mufunseni chifukwa chake, ndipo musamulole kuzemba. Dzina la Malawi pa masewero kunjaku lanyamulidwa kwambiri ndi amayi: Queens, Mwai Kumwenda amene anasewera zaka zambiri ku Australia, Scorchers amene anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Temwa Chawinga amene anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Amene amaona masewero a atsikana ngati ongowonjezera sakudziwa kumene kuli mphamvu yathu.

Za osewera anayi a mayeso aja, yankho labwino n'losavuta. Mwina atsale, mwina nkhani ipite kwa aphunzitsi awo nthawi ilipo, kudzera m'kalata. Yankho loopsa ndi lakuti ndikalankhula ndi a lekichala, timadziwana. Ana amenewa anabwera kudzatenga digiri, ambiri pa ngongole ya boma imene adzayenera kubweza. Mwana akanyamula chikho mu Juni n'kuchotsedwa sukulu mu Ogasiti chifukwa cholephera mayeso, ofesi ya zamasewero yamulakwira.

Pa ndalama sindichedwapo. Mufunseni bajeti yaikulu imene anaiyendetsapo, ndi amene ankabwera kudzaifufuza. Ngati yunivesite ndi ya boma, adziwe malamulo ogulira katundu amene a PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma, amayang'anira, asamaganize kuti majezi angagulidwe kwa mlamu wake popanda makoteshoni. Adziwenso kuti bajeti ya chaka chino siigula za chaka chamawa. Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mipira yabwino, nsapato ndi zipangizo zambiri zimachokera kunja.

[Wolankhula wakhala pa benchi ya osewera, pambali pali chigubu cha madzi ndi bokosi la thandizo loyamba.]

Tsopano tafika pamene ine ndingapereke malikisi ochuluka kuposa pena paliponse: chitetezo cha ophunzira.

Mufunseni kuti, mnyamata wagwa pa tirening'i masana a mu Okutobala, dzuwa lili phwee, thupi lake latentha ndipo akulankhula zosamveka. Mutani m'mphindi khumi zoyamba? Pa yunivesite ya Maryland, mnyamata wa zaka 19, Jordan McNair, anagwa pa tirening'i pa 29 Meyi 2018 chifukwa cha kutentha kwa thupi, ndipo anamwalira pa 13 Juni. Ofufuza anapeza kuti sanamuviike m'madzi ozizira nthawi yomweyo, chinthu chimene madokotala amati chimapulumutsa moyo. Sukulu yolemera, ya zipangizo zonse, koma dongosolo linalephera. Ndiye wofunsira ntchito wanu akuuzeni kuti madzi ali kuti, wodziwa thandizo loyamba ndi ndani pa tsikulo, galimoto ili kuti, ndipo kuchokera pa bwalo kukafika kuchipatala ndi mphindi zingati. Sukulu ya mu tawuni, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, ndi sukulu ya ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda, yankho lake silingafanane.

Mufunseninso za khamu la anthu. Ife a mu Lilongwe sitinaiwale za pa 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa geti la Bingu National Stadium. Masewero a pasukulu sakoka anthu ochuluka chotero, koma pamene masukulu awiri opikisana akumana, ena ataledzera, geti lili limodzi, ngozi siifuna anthu 40,000. Amene akuyenera mpandowu aziganiza za mageti, nthawi yowatsegulira ndi apolisi asanaganize za chikho.

Funso lachitatu n'lovuta kulifunsa pagulu, koma lifunsidwe. Mtsikana wabwera mu ofesi mwanu, akuti kochi akumuuza kuti kuti alowe mu timu yopita kunja ayambe wagona naye. Kochiyo ndi mnzanu wakalekale, ndipo timu yake ndi imene ikupambana. Mutani? Mvetserani bwino mawu oyamba amene atuluke. Akayamba ndi kuti ndiwaitana onse awiri tikambirane ngati banja, dziwani kuti mtsikanayo ali pa ngozi. Yankho limene mukufuna ndi loti alemba dandaulolo tsiku lomwelo, amutalikitsa kochiyo kwa osewera kafukufuku akuchitika, apititsa nkhani ku ofesi yoyenera ya yunivesite, ndipo aonetsetsa kuti mtsikanayo sakulangidwa chifukwa cholankhula. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza za mtunduwu, choncho iyi si nkhani yothera pansi pa mtengo. Ku Michigan State University, dokotala wa osewera, Larry Nassar, anazunza atsikana kwa zaka zambiri, ena atadandaula koma osamvedwa. Khoti litamugamula mu Januwale 2018, mkulu wa zamasewero pa sukuluyo, Mark Hollis, anachoka pa mpando patangopita masiku ochepa, ndipo yunivesiteyo inavomera kulipira madola 500 miliyoni kwa ozunzidwawo.

Palinso nkhani ya osewera aganyu, kutenga munthu wosaphunzira pa sukulupo, kumuveka jezi ndi kumupezera chiphaso. Ena amaiona ngati nzeru. Ndi kuba malo a mwana amene analipira fizi. Yunivesite ya Southern Methodist ku Texas inaletsedwa ndi a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite a ku America, kusewera mpira wawo wa chiAmerica chaka chonse cha 1987 chifukwa cholipira osewera mobisa, ndipo mu 1988 timuyo sinasewerenso. Mufunseni kuti mayina a osewera adzawatsimikiza bwanji ndi ofesi ya kaundula wa ophunzira.

[Chipinda cha intavyu, mipando yazungulira tebulo.]

Nanga gulu lofunsa mafunsolo? Mukhale wa ku ofesi ya ndalama, wa ku ofesi yoyang'anira umoyo wa ophunzira, mphunzitsi mmodzi, munthu wakunja wodziwa masewero, ndi ophunzira awiri osewera, mtsikana ndi mnyamata. Ophunzira amamva msanga munthu amene akulankhula mowanyoza. Ofunsira onse apatsidwe mafunso ofanana ndi nthawi yofanana. Aliyense wa m'gulu alembe malikisi ake payekha musanayambe kukambirana, chifukwa wapampando akangoyamba kunena kuti ine ndakonda wachiwiri uja, enanu mungotsatira. Amene ali pachibale kapena paubwenzi ndi wofunsira wina anene poyera ndipo atuluke.

Musanapereke kalata ya ntchito, imbani foni. Musathere pa mayina atatu amene walemba pa CV, amenewo ndi omuyamikira. Pemphani chilolezo chake kuti mulankhule ndi wa ndalama wa kumene anachoka, ndi kaputeni wa timu ya atsikana imene ankayang'anira. Kwa bwana wake wakale funso ndi limodzi: mpata utapezeka, mungamulembenso ntchito?

Ndipo m'kontilakiti mulembemo zimene mudzamuyezere chaka chikatha. Ophunzira angati akuchita masewero, kuphatikizapo aulumali ndi amene sali mu timu ya sukulu koma amasewera ligi ya m'mahositelo. Mwa iwo atsikana ndi angati. Osewera angati akhoza mayeso n'kupita chaka chotsatira. Ovulala anathandizidwa bwanji, madandaulo anathera pati, malisiti a ulendo uliwonse anabwera liti. Lipoti limeneli lizipita kwa akuluakulu a yunivesite pakutha pa semesita iliyonse, ndipo kope lake lizipatsidwanso kwa atsogoleri a bungwe la ophunzira.