Kuchoka ku community college kupita ku yunivesite kukaphunzira histore ku California

Moni nonse. Vidiyo ya lero ndi ya inu amene muli ku California, mwayamba pa community college, koleji ya zaka ziwiri ija, koma mtima uli pa digiri ya histore ku yunivesite. Njirayi si yachilendo. Kuyambira mu 1960, ndondomeko ya maphunziro ya boma la California inakonza zoti ophunzira a m'makoleji amenewa azipitiriza ku University of California kapena ku California State University. Fizi ya pa koleji ndi yotsika, n'chifukwa chake ambiri amayambira pamenepo.

Koma pali dzenje limene ambiri amagweramo. Munthu amangotola makosi omusangalatsa, zaka ziwiri n'kutha, ndiye tsiku lokakumana ndi mlangizi akumva kuti ena mwa makosiwo sakuthandiza pa digiri imene akufuna. Ndalama zapita, nthawi yapita.

Choncho semesita yoyamba yomweyo, tsegulani ASSIST.org. Taonani pasikirinipa. Ndasankha koleji, ndasankha yunivesite, ndasankha History. Tsambali likundiuza kuti kosi iyi ya pa koleji ikulowa m'malo mwa kosi iti ya ku yunivesite. Zimene akufuna a UC Davis, nthambi ya University of California (UC) ya ku Davis, sizifanana ndendende ndi za UCLA, nthambi ya ku Los Angeles, ndiye yang'anani sukulu iliyonse payokha. Kawirikawiri mupeza histore ya America, komanso ya dziko lonse kapena ya ku Ulaya.

University of California imafuna mayuniti 60 a semesita (kosi iliyonse imakhala ndi mayuniti ake), ndi GPA, avereji ya magiredi anu, yosachepera 2.4 kwa nzika za California, 2.8 kwa ena. Musanyengeke nawo manambalawa. Amenewa ndi ongokulolani kugogoda pakhomo. Ku Berkeley ndi UCLA olowa amakhala ndi magiredi okwera kuposa apa.

Palinso TAG, lonjezo loti mukakwaniritsa zofunika malo mwapeza. Masukulu ake ndi 6: Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. Mumasankha imodzi yokha, ndipo fomu yake imatumizidwa mu Seputembala. Fomu yaikulu ya UC imatsekedwa kumapeto kwa Novembala, ndipo muli mafunso anayi oti muyankhe, yankho lililonse losapitirira mawu 350. Amene muli pa viza ya ophunzira ya F-1, kambiranani msanga ndi ofesi ya ophunzira akunja za kusamutsa rekodi yanu ya SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja.

Tsono nkhani imene ine ndimaiona yaikulu, imene mafomu sanena. Histore ya ku yunivesite si kuloweza zaka ngati tinkachitira pokonzekera mayeso a MSCE. Amakupatsani zolemba za nthawi imeneyo n'kukufunsani kuti: analemba ndani, ankalembera ndani, ndipo ndani sakumveka mawu ake?

Titenge chitsanzo cha kwathu. John Chilembwe, amenenso anaphunzira ku America konkuno, ku Lynchburg m'boma la Virginia, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu. Mu Januwale 1915 anatsogolera kuukira kuja. Boma la atsamunda linakhazikitsa komiti yofufuza, nayo inalemba lipoti lake. Ikani kalatayo apa, lipotilo apo. Mphunzitsi sakufuna kuti mumufotokozere zimene zinachitika, akuzidziwa kale. Akufuna mumuuze chifukwa chake mapepala awiriwa akusiyana, ndipo mfundo iliyonse muonetse pamene mwaitenga, m'munsi mwa tsamba, m'kalembedwe ka Chicago kamene a histore amagwiritsa ntchito.

Luso limeneli liyambeni mukadali pa koleji, pomwe kalasi ndi yaing'ono ndipo mphunzitsi amakudziwani dzina. Pitani ku ofesi yake pa maola amene amaika oti ophunzira azimupeza, mutanyamula pepala limene anakuchongerani, mumufunse kuti mfundo yanu yafooka pati. Mukapeza kosi yolemba kafukufuku wautali, itengeni, ngakhale anzanu akuithawa.

Chinanso, masukulu ambiri a UC amayendera makota a masabata 10, kupatula Berkeley ndi Merced. Mukachoka pa semesita, mudzadabwa kuti sabata yachinayi kapena yachisanu mayeso apakati afika kale, buku lachiwiri musanalitsegule n'komwe.