Kodi Nyumba Imapuma? Zoona Zake za Nyumba Zosadya Magetsi ku America

Moni nonse amene mukutionera, ndipo takulandirani. Lero tikupita ku United States kukaona mmene nyumba yatsopano imamangidwira kuti isamadye magetsi ndi gasi wambiri, makamaka nyumba zija zimene zimapangidwa m'fakitale n'kukokedwa ndi lole kupita pamalo ake. Mukhale nafe mpaka pa mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo pali bodza limene lawonongetsa anthu ndalama zambiri ndiponso ladwalitsa ena, ndipo ndikufuna kuti lero tilizule ndi mizu yomwe.

Mfundo yoyamba ndiidutsa mofulumira. Mphamvu zoposa theka zimene mabanja a ku America amagwiritsa ntchito m'nyumba zimathera pa kutenthetsa nyumba m'nyengo yozizira ndi kuiziziritsa m'nyengo yotentha. Kutenthako kumathawira kudenga, m'makoma, pansi ndi m'mawindo, n'chifukwa chake amisiri amayala insulation yochindikala (zinthu zotchinga kuti kutentha kusadutse), amaika mawindo a magalasi awiri kapena atatu, ndipo m'malo mwa mahita akale amaika heat pump, makina amene sapanga kutentha koma amakusamutsa kuchokera panja, moti pa yuniti imodzi ya magetsi amatha kupereka mayuniti awiri mpaka anayi a kutentha. Zimenezi n'zodziwika, choncho tiyeni tipitirire.

Mfundo yachiwiri ikukhudza nyumba za m'fakitale. Anthu pafupifupi 20 miliyoni ku America amakhala m'nyumba zoterezi, ndipo ambiri mwa iwo ndi mabanja opeza zochepa, okalamba ndi anthu a kumidzi. Nyumbazi zimamangidwa pamwamba pa chitsulo chimene amachimangirira mateyala poyenda, ndipo sizitsatira malamulo a zomangamanga a mzinda kapena a chigawo, koma lamulo limodzi la dziko lonse limene unduna woona za nyumba wa HUD unayamba kuligwiritsa ntchito pa 15 Juni 1976. Chigawo chilichonse cha nyumba chotuluka m'fakitale chimakhomedwa kachitsulo kofiira kunja kochitira umboni zimenezi. Chimene chimandiwawa n'chakuti miyezo ya HUD yokhudza kusunga kutentha inasinthidwa mozama komaliza mu 1994. Mu 2007 aphungu a Congress analamula unduna wa zamphamvu wa DOE kuti ulembe miyezo yatsopano pasanathe zaka zinayi, koma miyezoyo inatuluka mu Meyi 2022, ndipo ngakhale inatuluka, tsiku loti mafakitale ayambe kuitsatira linasunthidwa kangapo. Opanga nyumba amanena kuti mtengo ukwera ndipo osauka alephera kugula. Nkhawa imeneyi si yopanda pake, koma nyumba imagulidwa kamodzi pamene bilu ya magetsi imabwera mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi angapo, ndipo amene amailipira ndi wosauka yemweyo amene akuti akumuteteza.

Tisanalowe pa mfundo yaikulu, ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani batani la subscribe ndi kabelu kali pambali pake, chifukwa zimenezi zimathandiza kuti mavidiyo a m'Chichewa onga ino afike kwa anthu ambiri.

Mfundo yachitatu ndi bodza lija. Amisiri ambiri, ngakhale odziwa ntchito yawo, amauza mwini nyumba kuti asamate ming'alu yonse chifukwa nyumba iyenera kupuma. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1858 katswiri wa zaukhondo wa mumzinda wa Munich ku Germany, Max von Pettenkofer, anaphunzitsa kuti mpweya wabwino umalowa m'chipinda kudzera m'makoma enieniwo. Pofuna kutsimikizira anthu, ankatenga chidutswa cha khoma, n'kumata m'mbali mwake monse, n'kulumikiza chouzira kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuuzira mwamphamvu mpaka kandulo imene inali mbali inayo inkazima. Anthu anagoma nazo, koma mphamvu imene munthu amakankhira nayo mpweya kudzera m'kapaipi kotero ndi yaikulu kwambiri kuposa imene mphepo ya tsiku ndi tsiku imawombera nayo khoma. Mu 1928 katswiri wina wa ku Germany komweko, dzina lake Raisch, anayeza nkhaniyi mosamala ndipo anapeza kuti kabowo ka kiyi pachitseko kamalowetsa mpweya wochuluka zedi kuposa sikweya mita yathunthu ya khoma lopaka pulasitala. Ndiye kuti nkhaniyi inatha zaka pafupifupi 100 zapitazo, koma mpaka lero ikuyendabe pakamwa pa anthu.

Tsopano tiyeni tione chimene chimachitika m'nyumba imene yasiyidwa ndi ming'alu dala. M'nyengo yozizira, mpweya wofunda umakwera n'kutulukira m'mipata ya kudenga, ndipo malo amene wasiya amadzazidwa ndi mpweya wokokedwa kuchokera kunsi. Kunsiko ndi kuti? Ndi pansi pa nyumba, pamene pali dothi lachinyezi, fumbi, ndowe za makoswe, ndipo m'madera ena pali mpweya wa radon, umene bungwe la boma la America loteteza chilengedwe la EPA limati ndi wachiwiri kwa fodya pa zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo m'dzikolo. Umenewu ndiye mpweya umene anthu akuutcha wabwino. Komanso mpweya wofunda wa m'nyumba umanyamula chinyezi cha kubafa ndi kukhitchini, ndipo ukadutsa m'ming'alu n'kukumana ndi thabwa lozizira mkati mwa khoma, chinyezicho chimasanduka madzi, matabwa amayamba kuwola, nguwi n'kumera pamalo amene diso silifika. Choipitsitsa n'chakuti ming'alu ilibe muyezo: tsiku la mphepo imalowetsa mpweya wopitirira ndipo hita imagwira ntchito osapuma, pamene tsiku labata siilowetsa chilichonse ndipo banja limagona mumpweya woguga. Kudalira ming'alu kuti ikupatseni mpweya kuli ngati kudalira denga lodontha kuti likupatseni madzi akumwa.

Pa nyumba za m'fakitale vutoli lili ndi malo ake odziwika. Nyumba yaikulu imabwera m'zigawo ziwiri zimene zimalumikizidwa pamalo, ndipo mzere wa pakati pamene zigawozo zakumana ukapanda kumatidwa bwino, umakhala mng'alu wautali kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mapaipi onyamula mpweya wofunda amadutsa pansi pa nyumba, ndipo paipi yofewa imene imalumikiza zigawo ziwirizo ikamasuka kapena ikagwera m'dothi, mwini nyumba amakhala akutenthetsa pansi pa nyumba ndi ndalama zake. Chinsalu chakuda chimene chimagwira insulation kunsiko chikang'ambidwa ndi nyama kapena ndi pulambala, insulation imalendewera n'kunyowa, ndipo insulation yonyowa ntchito yake imatha.

Nanga njira yoyenera ndi iti? Ndi kumata nyumba yonse, kuiyeza, kenako n'kulowetsa mpweya mwadala. Kuyezako kumachitika ndi chipangizo chotchedwa blower door. Woyeza amatseka mawindo onse, amamanga chinsalu pakhomo lakunja chimene pakati pake pali fani yaikulu, ndipo faniyo imakoka mpweya wa m'nyumba mpaka kusiyana kwa mkati ndi kunja kufike pa 50 pascal, zimene zikufanana ndi mphepo ya liwiro la makilomita pafupifupi 32 pa ola ikuwomba mbali zonse. Kenako amayenda ndi kautsi m'manja, ndipo mumaona ndi maso anu utsiwo ukupindika pa soketi, pansi pa sinki pamene paipi yaboola khoma, ndi pa chitseko cha kusiling'i. Pomaliza pamatuluka nambala yosonyeza kuti mpweya wonse wa m'nyumba ukusinthika kangati pa ola. Malamulo achitsanzo a zomangamanga otchedwa IECC, mu 2012, anaika malire pa 3 m'madera ozizira ndi pa 5 m'madera otentha, pamene muyezo wa Passivhaus, umene nyumba yake yoyamba inamangidwa mumzinda wa Darmstadt ku Germany mu 1991, umafuna 0.6. Nyumba yomatidwa chonchi imaikidwa fani yogwira ntchito mosalekeza, kapena makina a HRV amene amatulutsa mpweya woguga n'kulowetsa watsopano wosefedwa, uku akulanda kutentha kwa wotulukawo n'kukupereka kwa wolowayo.

Pano ndiime pang'ono chifukwa cha inu amene mukutionera muli kumudzi. Zimene ndafotokozazi sizikutanthauza kuti mutseke timabowo ta mpweya timene tili pamwamba pa mawindo a nyumba zathu. Nyumba yopanda fani imadalira timabowo timeneti, ndipo kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'mwezi wa Juni kapena Julayi kumapha, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndiponso suoneka. Kumata ndi kulowetsa mpweya mwadala ziyenera kuyendera limodzi nthawi zonse.

Mfundo yachinayi ndi ya ndalama. Womanga ndiye amalipira insulation koma wopindula ndi wokhalamo, choncho mu 2005 boma linakhazikitsa ndondomeko ya 45L yochotsera omanga ndi mafakitale msonkho. Kuyambira mu 2023 ndalamazo zinafika pa madola 2,500 pa nyumba ya chizindikiro cha ENERGY STAR, chosonyeza kuti nyumbayo siidya mphamvu zambiri, ndi madola 5,000 pa nyumba ya muyezo wapamwamba wa Zero Energy Ready, koma lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linati nyumba zogulidwa pambuyo pa 30 Juni 2026 sizidzapindulanso ndi ndondomekoyi. Ine ndikuona kuti kumeneku n'kubwerera m'mbuyo, ndipo mundiuze maganizo anu m'munsimu.

Mfundo yachisanu ikupita kwa abale athu amene ali ku America ndipo akuganiza zogula nyumba. Musafunse wogulitsa ngati nyumbayo ndi yosadya magetsi, chifukwa aliyense adzavomera. Mufunseni nambala ya blower door, pemphani kuona satifiketi ya ENERGY STAR, ndipo ngati ndi nyumba ya m'fakitale, werengani pepala la fakitale limene limamatidwa mkati mwa kabati ya kukhitchini, m'kabati ya zovala kapena pafupi ndi bokosi la magetsi, chifukwa limasonyeza dera la nyengo limene nyumbayo inapangidwira. Nyumba yopangidwira dera lotentha la Florida siyenera kuikidwa kudera lozizira kwambiri la Minnesota. Sabata yamawa tidzatsegula heat pump n'kuona mmene imapezera kutentha panja ngakhale kunja kuli chipale chofewa.