Timamyuziyamu ta ku Cornwall: ufiti, mawaya a pansi pa nyanja ndi mgodi wosiyidwa ndi zovala momwemo

(Pa skirini: mapu a England, kamera ikutsetsereka kumunsi chakumadzulo)

Moni abale anga nonse, kaya mukuonera muli pa Lilongwe, pa Chipata, ku Joni kapena ku Leeds mwangoweruka kumene ku shifiti ya usiku, takulandirani.

Lero tikupita ku Cornwall. Mukayang'ana mapu a England, kumunsi kwenikweni chakumadzulo kuli kadera kosongoka kolowa m'nyanja, madzi mbali zitatu, ndi komweko. Anthu ambiri amapitako nthawi yotentha kukasamba panyanja basi, kujambulitsa, kudya nsomba ndi tchipisi n'kubwerera. Ine ndikufuna tikambe za timamyuziyamu tating'onoting'ono tomwe tili kumeneko, tija toti kamodzi kamangosunga nkhani imodzi yokha. Chifukwa kunena zoona, myuziyamu yaikulu ya ku London imakuonetsa katundu wa dziko lonse lapansi, wina wake wochita kulanda, umatuluka miyendo ikuwawa osakumbuka kanthu. Koma tating'onoti timakuonetsa zomwe anthu a pamudzipo ankadyera, ndipo nthawi zambiri zinthuzo zili pamalo pomwe zinkagwirira ntchito.

(Pa skirini: kadoko ka Boscastle, nyumba yoyera m'mbali mwa mtsinje)

Tiyambe ndi yomwe ndikudziwa kuti ena mwa inu muzimitsa nayo foni. Ku Boscastle, kamudzi ka padoko kugombe lakumpoto, kuli Museum of Witchcraft and Magic. Eya, myuziyamu ya ufiti, ndipo ndi ufiti wa azungu eni ake, osati wathu.

Anaiyambitsa ndi bambo wina dzina lake Cecil Williamson. Poyamba sanaitsegule ku Cornwall ayi, anaitsegula pa chilumba cha Isle of Man mu 1951, ndipo chaka chimenechi si chamwayi chabe, ndi chaka chomwe Britain inachotsa lamulo lake lakale la ufiti la 1735. Kenako anayesa malo ena ku England, anthu osamufuna, mpaka mu 1960 anakakhazikika ku Boscastle komwe ili mpaka pano. Apa pali kanthu kondiseketsa komanso kondimvetsa chisoni pang'ono: kwathu ku Malawi lamulo la ufiti lomwe tikugwiritsa ntchito ndi la 1911, anatisiyira ndi atsamunda omwewa, lija limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Iwo lawo anachotsa n'kutsegula myuziyamu yolipitsa pakhomo.

M'katimo muli chani? Muli mabotolo omwe anthu ankathiramo mkodzo, tsitsi, mapini ndi misomali n'kukwirira pansi pa ziko kapena pakhomo kuti atsirike nyumba. Muli tizidole tansalu ndi taphula tobayidwa mapini, ena n'kumatapo tsitsi la munthu yemwe akumufunira zoipayo. Muli mankhwala azitsamba a asing'anga a m'midzi ya kumeneko, anthu omwe ankapitako mwana akadwala kapena ng'ombe ikasiya kutulutsa mkaka. Ndiye pali nkhani ya chingwe cha mfundo zitatu. Amati amayi ena a padoko ankagulitsa mphepo kwa amalinyero, mphepoyo ataimanga m'chingwe. Ukamasula mfundo yoyamba kukubwera kamphepo kayaziyazi, yachiwiri mphepo yamphamvu yokankha chombo, yachitatu usayerekeze, namondwe. Tangoganizani bizinesi yake, kugulitsa mphepo, kapitolo ndi chingwe basi.

Koma si zoseka zokha. Muli gawo lokumbukira anthu omwe anazunzidwa ndi kuphedwa ku Ulaya powaganizira ufiti, maina awo atalembedwa, ndipo ambiri anali amayi osauka ndi okalamba. Munthu wochokera kwathu, komwe mpaka lero timamva pa wailesi kuti agogo ena awagenda pamaliro ati ndiwo apha mwana, ukafika pamenepo nthabwala zimatha zokha. Ndipo myuziyamuyo nayo inali ndi chake chochititsa manyazi: kwa zaka zambiri inkaonetsa mafupa a mayi wina, Joan Wytte, yemwe ankanenedwa kuti anali mfiti ya ku Bodmin, tauni ina ya ku Cornwall komweko. Mwini watsopano wa myuziyamuyo nthawi imeneyo, Graham King, atagula malowa mu 1996 anaona kuti si bwino, ndipo mu 1998 mafupawo anakawaika m'manda.

Pa 16 Ogasiti 2004 kunagwa chimvula kumtunda, madzi anatsika m'chigwa cha Boscastle ngati napolo, kukokolola magalimoto kuwaponya m'nyanja, anthu kuwachotsa pamadenga ndi helikopita. Chodabwitsa palibe anafa. Myuziyamu inalowa matope chipinda chapansi chonse, koma katundu wambiri anapulumuka ndipo anatsegulanso chaka chotsatira. Zoti mwina zithumwa zinagwira ntchito, izo kambiranani nokha m'makomenti.

(Pa skirini: gombe la mchenga woyera la Porthcurno, kanyumba kakang'ono kumtunda kwake)

Tsopano titsike kumwera kwenikweni, pafupi ndi Land's End, nsonga yomwe mtunda umathera, pa Porthcurno. Iyi ndiye ine imandigwira mtima kwambiri, mwina chifukwa vidiyo yomwe mukuonerayi yadutsa m'waya wa pansi pa nyanja kuti ikufikeni. Ambiri timaganiza kuti intaneti imayenda m'mwamba ndi masetilaiti, koma yochuluka kwambiri yodutsa pakati pa makontinenti imayenda m'makebulo ogona pansi pa madzi, ndipo nkhaniyo chiyambi chake china chili pa kagombe aka.

Mu 1870 kampani ya munthu wachuma wina, John Pender, inatulutsira pamchenga umenewu kebulo ya telegalafu yomwe inkapita ku Portugal, Gibraltar, Malta, mpaka kulumikizana ndi Bombay ku India. Kalata yopita ku India kale inkatenga masabata angapo pa sitima ya pamadzi, tsopano uthenga unkafika m'mphindi zowerengeka. Anasankha Porthcurno chifukwa ndi kobisika, kulibe zombo zambiri zoti nangula wake n'kukola waya, pomwe ku Falmouth komwe ankafuna poyamba kunali piringupiringu wa padoko. Makebulo anapitirira kuwonjezeka mpaka anakwana 14, ndipo panali nthawi yomwe kachigwa aka kanali siteshoni ya telegalafu ya pansi pa nyanja yaikulu kuposa ina iliyonse padziko. Nafenso mbali yathu ino tinalumikizidwa m'gulu lomwelo la makampani a Pender: mu 1879 kebulo inatsika kuchokera ku Aden kudzera ku Zanzibar, Mozambique ndi Delagoa Bay, komwe pano ndi Maputo, mpaka ku Durban.

Wayayo mukamuona chodula chake mu myuziyamu, pakati pali kopa, kenako amukuta ndi utomoni wa mtengo wina wa ku Malaya wotchedwa gutta-percha womwe suola m'madzi a mchere, kunja kwake zitsulo zopota. Palibe mawu oyenda m'menemo, ndi magetsi ofooka kwambiri basi, moti poyamba ankawerenga uthenga poyang'ana kadontho ka kuwala kochokera pa kagalasi kakang'ono, kakapita uku ndi chizindikiro china, kakapita uko china, munthu kukhala m'chipinda cha mdima maso ali tong'o, mnzake akulemba. Makina ena amawayatsa n'kukuonetsani akugwira ntchito, ndipo ana amawapatsa mpata wogogoda okha Morse, zizindikiro zotumizira uthenga pa telegalafu.

Nkhondo yachiwiri itayamba, France itagwa mu 1940, boma linaona kuti bomba limodzi lokha pa Porthcurno likhoza kudula Britain ku maiko ake onse. Ndiye anaitana anthu a m'migodi ya m'deralo kuti abowole phiri la mwala, ndipo pofika 1941 siteshoni yonse inasamukira m'mapanga awiri pansi, zitseko zachitsulo zochinga bomba, ndi masitepe othawira otulukira pamwamba pa phiri. M'mapanga amenewo ndi momwe muli gawo lina la myuziyamu lero, dzina lake pano ndi PK Porthcurno. Siteshoni inatsekedwa mu 1970, patatha zaka 100 ndendende, koma sukulu ya kampani ya makebulo ya Cable & Wireless yophunzitsa mainjiniya ochokera maiko osiyanasiyana inapitirira mpaka 1993. Mukatsikira kugombe musadutse kanyumba kakang'ono ka 1929 kali m'njiramo, n'kosaoneka bwino koma ndi momwe makebulo akale aja amatulukira pansi, alipobe.

(Pa skirini: nsanja yachitsulo ya mgodi pamwamba pa phompho, nyanja kumbuyo)

Kuchoka apo kulowera chakumpoto pang'ono, pa Pendeen, pali Geevor. Uwu unali mgodi wa tini, chitsulo chija amakutira zitini ndi kuwotcherera mawaya. Mu Okutobala 1985 mtengo wa tini pa msika wa dziko lonse unagwa mwadzidzidzi, migodi ya ku Cornwall inayamba kufa umodziumodzi, Geevor inalimbalimba mpaka 1990, kenako mu 1991 anazimitsa mapampu madzi n'kudzaza pansi ponse. Mu 1993 anautsegula ngati myuziyamu, ndipo ena mwa omwe akhala akuperekeza alendo ndi anthu oti anagwirapo ntchito pomwepo.

Makina ophwanyira miyala alipo, matebulo ogwedezeka olekanitsira tini ndi mchenga alipo, amakupatsa chipewa cholimba n'kukulowetsa mu mgodi wakale wa zaka za m'ma 1700 wotchedwa Wheal Mexico, wopanikiza moti munthu wamtali amayenda chowerama madzi akumudonthera m'khosi. Koma chipinda chomwe anthu amatulukamo ali chete ndi chosinthiramo zovala. Anachisiya momwe chinalili tsiku lomaliza. Maovolosi ofiira ndi dothi ali pa mahang'ala, majombo pansi, malokala olembedwalembedwa nthabwala ndi mawu okwiya, zithunzi za anyamata omwe ankagwira ntchito limodzi. Palibe anachita kukonza kuti zioneke bwino ndipo n'chifukwa chake zimapweteka.

Apa ndiye pali ubale weniweni ndi ife. Migodi ya kwawo itayamba kuvuta m'zaka za m'ma 1800, amuna a ku Cornwall anabalalika dziko lonse, Australia, America, Mexico, ndipo ambiri zedi anathera ku Kimberley ndi ku Johannesburg, n'kumatumiza ndalama kwa akazi awo ku Redruth ndi Camborne. Migodi ya golide ya ku Johannesburg yomweyo ndi yomwe azigogo athu ankapitako pa Wenela. Malipiro sanali ofanana ngakhale pang'ono, mzungu anali kapitawo, wakuda ndiye wonyamula fosholo, izo tisabise. Koma fumbi la mwala silinkasankha khungu, onse ankabwerera kumudzi ndi chifuwa chosapola, kumwalira asanakalambe.

Mukatsata kanjira ka m'mphepete mwa phompho kuchoka pa Geevor, posakhalitsa mufika pa Levant, mgodi womwe njira zake zinalowa pansi pa nyanja penipeni mtunda wopitirira kilomita ndi theka. Pali injini ya nthunzi ya 1840 yomwe masiku ena amaiyatsabe. Kumeneku anthu ankatsika ndi kukwera pa chimtengo chachitali choyenda chokwera ndi chotsika, chokhala ndi timasitepe, iwe kupondapo chikakwera n'kudumphira pambali, kudikira chibwerenso, choncho mpaka kumtunda. Pa 20 Okutobala 1919 chitsulo chogwira chimtengocho kumwamba chinathyoka anthu ali pomwepo akuweruka, ndipo amuna 31 anafa. Madera a migodi amenewa UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006.

(Pa skirini: mapiri oyera pafupi ndi St Austell)

Mwachidule ndingotchulako Wheal Martyn pafupi ndi St Austell, ya dothi loyera lija amapangira mbale zadothi komanso kusalalitsira mapepala. Ili ndi mawilo amadzi akuluakulu ndi malo oonerapo chidzenje chomwe akukumbabe. Mapiri oyera mukuwaonawo si achilengedwe, ndi zotsalira zokumba. Ndi yabwino ngati muli ndi ana ofuna kuthamangathamanga, koma mukakhala ndi masiku ochepa ine ndingati yambani zitatu zija.

Kayendedwe tsopano. Sitima yochokera ku London Paddington kukafika ku Penzance imatenga maola asanu kapena kupitirirako, iliponso yausiku yogonamo. Penzance ndiye pabwino kugona ngati mukufuna Porthcurno, Geevor ndi Levant, zonse zili chapafupi ndipo mabasi amafikako, kungoti nthawi yozizira amachepa kwambiri, ukaphonya imodzi udikira mpaka kuzizidwa. Boscastle ili kutali, mbali ina, imafuna tsiku lakelake, musazipanikize tsiku limodzi. Oyendetsa galimoto konzekani, timisewu take ndi toti galimoto ziwiri sizipatukirana, mipanda ya miyala uku ndi uku, mukakumana wina abwerere chambuyo mpaka pomwe pali kampata.

Chinanso, timamyuziyamuti tambiri timatseka kapena kuchepetsa masiku nyengo yozizira, ya ufiti ija makamaka, ndiye onani pa webusaiti yawo musananyamuke, ndipo ku Levant ndi bwino kubukiratu. Ku Geevor valani nsapato zotseka ndi jekete yoti ikada musadandaule. Njala ikakupwetekani gulani pasty, chija cha ufa wa tirigu chokulunga nyama ya ng'ombe, mbatata ya kachewere, anyezi ndi mpiru wa mizu, chinali chakudya cha anthu a mumgodi ndipo chimodzi chokha chimakufikitsa madzulo. Mukamadyera panja pafupi ndi nyanja chigwireni ndi manja awiri, mbalame za kumeneko zimatsomphola m'manja.