Makalata a Omvera: Ana Anga Aakazi Asiya Kundiuza Nkhani

Takulandiraninso omvera athu. Lero ndiwerenga kalata imodzi yokha, chifukwa yandigwira mtima ndipo sindikufuna kuithamangira. Alemba ndi bambo wina amene wapempha kuti dzina lawo tisatchule. Akuti:

"Aulutsi, ndili ndi atsikana awiri, wamkulu wa zaka 16, wamng'ono wa zaka 13. Wamkuluyu kale ankandichingamira pakhomo, n'kundilanda chikwama, nkhani za kusukulu zili mbwee ndisanavule n'komwe nsapato. Lero ndikafika amangoti 'mwaswera bwanji adadi', maso ali pa foni, kenako chitseko cha kuchipinda n'kutsekeka. M'mawa kumudzutsa ndi nkhondo. Mwezi watha, mayi awo atachokapo, ndinapeza wamng'onoyo akulira. Ndinafunsa katatu konse, iye duu. Mkulu wake ndiye anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwana wayamba kusamba ndipo m'nyumba mulibe mapadi. Ndinathamanga kukagula, koma pobwera ndinangowapereka kwa mkulu wakeyo. Mwini wake sindinamuuze ngakhale liwu limodzi. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kodi ana angawa ndawataya? Ndalakwitsa pati?"

Bambo, zikomo potikhulupirira. Ndikufunseni kaye: tsiku limene zinthu zinavuta, mwana wamkuluyo anathamangira kwa ndani? Kwa inu. Yemweyo wotseka chitseko uja anadziwa kuti akakunong'onezani nkhani yovuta kunena kwa bambo, mudzanyamuka osakalipa. Ameneyo si mwana wotayika.

Za wamng'onoyo, zaka 13 ndi nthawi yake ndithu. Atsikana ambiri thupi limayamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, ndipo msambo woyamba umabwera kawirikawiri ali ndi zaka 12 kapena 13. Chaka choyamba kapena chachiwiri umatha kudumphadumpha miyezi, ndiye asachite mantha. Koma ngati ululu ukumulepheretsa kupita kusukulu, kapena akutaya magazi ambiri mpaka kufooka, mupite naye kuchipatala. Ndipo mapadi asamathe m'nyumba. Muziwagula pamodzi ndi sopo, osadikira kuti mwana achite kupempha, chifukwa kupemphako ndi kumene kumamulemera.

Nkhondo ya m'mawa ija si ulesi wokha ayi. Mwana akatha msinkhu, thupi limachedwa kutulutsa melatonin, mankhwala a m'thupi amene amabweretsa tulo, choncho tulo timamupeza usiku kwambiri. Pamsinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ndiye onjezanipo foni pansi pa bulangete, muona chifukwa chake m'mawa amadzuka atakwinya nkhope. Ine ndinganene kuti ikani lamulo lakuti usiku mafoni onse azigona pabalaza. Ndati onse, bambo, ndi yanu yomwe. Koma kutenga foni yake mobisa n'kumawerenga mauthenga, chonde musatero pokhapokha mutaona chizindikiro chenicheni cha ngozi. Akadzazindikira, chitseko chija adzachita kuchikhoma ndi kiyi.

Mudziwenso kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. N'chifukwa chake mwana amene dzulo analankhula zanzeru ngati munthu wamkulu, lero akhoza kulira chifukwa mnzake sanamuyankhe uthenga. Zonsezo ndi iye yemweyo.

Nanenso ndine kholo la mtsikana. Wanga ndikamukhazika pampando n'kunena kuti "tiye tikambirane", amangoyang'ana zala zake. Koma tsiku lina tikutsuka mbale, ine ndikutsukuluza iye akupukuta, anayamba yekha kundiuza za mnzake amene ankamunena m'kalasi. Sindinatembenuke n'komwe kumuyang'ana, ndinapitiriza ndi mbale zanga, ndipo analankhula mpaka madzi anazizira. Pezani kantchito kotere kochitira limodzi ndi aliyense payekha. Akayamba kulankhula, gwirani kaye malangizo anu, mumve mpaka amalize.

Kukhala chete kumene kuyenera kukudetsani nkhawa ndi kwina: mwana akasiya kudya, akasiyana ndi anzake onse, akasiya zimene ankazikonda kwa masabata awiri kapena kuposa, kapena akayamba kunena zofuna kufa. Pamenepo musadikire, kaonaneni ndi achipatala msanga. M'kalata yanu zimenezi sindinazione.

Chatsala ndi liwu limene simunamuuze wamng'onoyo. Silinachedwe. Madzulo ano mukafika, muitaneni pambali mumuuze kuti, "Mwanawe, tsiku lija ndinasowa chonena, koma palibe chimene unalakwa. Ukasowa kanthu, uzindiuza kapena undilembere kapepala." Mwina angogwedeza mutu n'kuthawira kuchipinda. Musamutsatire, wamva. Mudzatilemberenso, bambo, mutiuze mmene zayendera.