N'chifukwa chiyani sitiiwala anthu a pa kanema amene tinkawafera tili ana?

[Chithunzi: khonde la nyumba ku Kawale, mapatapata a ana ali mbwee pakhomo]

Moni nonse, takulandirani. Ngati mudakulira mu Lilongwe muno m'zaka za m'ma 2000, mapatapata amenewa mukuwadziwa. Eni ake ali m'kati, akhala pansi mothithikana, maso ali pa TV ya aneba. Pakati pawo pali mmodzi amene nkhani ya sewerolo sakuitsatira n'komwe. Iye akungodikira nkhope imodzi. Ikangotulukira, mtima wake uli phaphapha, ndipo akuyang'ana uku ndi uku kuopa kuti anzake amuona. Mwana ameneyo lero ndi bambo kapena mayi wapabanja pake, koma mukamutchulira dzina lija amamwetulirabe. Lero tifufuze kuti chikondi chimenechi chimachokera kuti, nanga bwanji sichikalamba.

Tiyambe ndi mbiri, chifukwa yathu ndi yosiyana ndi ya maiko ena. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, Malawi idalibe wayilesi yakeyake ya kanema. Makolo athu ankakonda mawu: ankadziwa ochita zisudzo a pa MBC ndi khutu lokha, nkhope n'kumadzipekera okha m'mutu. Television Malawi, imene tinkangoti TVM, idayamba kuwulutsa pa 1 April 1999. Choncho ambiri mwa ife ndife mbadwo woyamba m'banja mwathu kuona munthu yemweyo, nkhope yomweyo, akulowa pabalaza sabata iliyonse. Panalibe wamkulu woti atiuze kuti zimenezi zimachitika, poti iwonso zinali zachilendo kwa iwo.

Ndiye TV zake zinali zowerengeka. Ku Biwi, ku Mchesi, ku Chilinde, ku Area 25, nyumba imodzi inkasunga ana a mdadada wonse. Mumayamba mwasamba, kenako "Odi, tionere nawo." Mwana wa mwininyumba simumakangana naye masana, chifukwa madzulo akubwezerani pakhomo. Magetsi akazima pakati pa sewero, mfuu yake inkamveka mpaka kumsewu. Ndipo pa kanema anthu akayamba kuyandikizana milomo, amayi a pakhomopo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna madzi akumwa, n'kutuma aliyense amene ali pafupi.

[Chithunzi: mbale ya setilaiti padenga la malata]

Kenako kudabwera timadikoda tosalipira pamwezi timene tinkakoka SABC, wayilesi ya kanema ya ku South Africa. Apa m'pamene sewero la Generations lidalowa m'nyumba zambiri. Nthawi ya ku South Africa ndi yathu ndi imodzi, ndiye 8 koloko usiku ku Johannesburg inali 8 koloko ku Area 23. Anyamata ankafera Karabo Moroka, amene ankaseweredwa ndi Connie Ferguson. Atsikana ena mtima unali pa Sibusiso Dlomo, bambo waukali wovala suti uja, amene dzina lake lenileni linali Menzi Ngubane. Ena anali a mafilimu a ku Nigeria: Genevieve Nnaji, Ramsey Nouah. Chithunzi chodula m'magazini chinkamatidwa kuseri kwa kope la masamu, ndipo mnzako akachiona, nkhani imafika kalasi yonse isanakwane buleki.

Tsopano funso lenileni. Munthu ungamukonde bwanji wosakudziwa n'komwe?

M'chaka cha 1956, akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, adalemba za chinthu chimenechi. Iwo adaona kuti kanema amapanga ubale wa mbali imodzi: woonera amamva ngati akumudziwa munthu wa pa kanemayo, pamene winayo sadziwa kuti woonerayo aliko. Taganizirani mmene zimachitikira. Kamera imakokera nkhope pafupi kwambiri, pamtunda umene m'moyo weniweni amafikapo ndi amayi ako okha kapena wokondedwa. Mumamuona akulira kuchipinda ali yekha. Mumadziwa chinsinsi chimene mkazi wake wa m'seweromo sakuchidziwa. Ndipo amabwera pa nthawi yake, Lolemba mpaka Lachisanu, osaphonya. Ubongo wathu udazolowera kuti munthu amene umamuona pafupi chonchi, kawirikawiri chonchi, ndi wako. Nzeru zimadziwa kuti ndi sewero, koma mtima umalemba dzinalo pamodzi ndi achibale.

Kwa mwana wa zaka 11 kapena 13 pali chinanso, ndipo ine ndimachiona kuti ndi chamtengo wapatali. Pa msinkhu umenewo thupi ndi maganizo zikusintha, koma pachikhalidwe chathu nkhani za chikondi sukamba ndi makolo ako. Kufunsira mtsikana wa m'kalasi n'koopsa: akhoza kukukana pagulu, akhoza kukakunenera kwa aphunzitsi. Munthu wa pa kanema sangakukane, sangakuseke, sangakupatse mimba kapena matenda. Mwana amaphunzira kusirira, nsanje, kudikira ndi kukhumudwa ali pamalo otetezeka. Amayambanso kudziwa zimene amafuna mwa munthu. Mtsikana amene ankakonda Karabo mwina sankafuna kukhala naye, ankafuna kukhala iyeyo: mkazi wolowa mu ofesi anthu n'kuimirira. Chimenecho si chibwana ayi.

Nanga bwanji sichitha? Akatswiri a za maganizo adapeza kuti zinthu zimene munthu amakumbukira bwino kwambiri akamakula ndi zimene zidamuchitikira ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Koma kwa ife pali chifukwa chachiwiri. Sitinkaonera tokha. Nkhope ija idamangika pamodzi ndi fungo la nsima ya aneba, achemwali amene ankatiteteza tikachedwa kubwerera kunyumba, mnzathu amene adasamukira ku Mzuzu, agogo amene ankakalipira munthu woipa wa m'sewero ngati akuwamva. Ena mwa anthu amenewa adatisiya. N'chifukwa chake Menzi Ngubane atamwalira mu March 2021, anthu akuluakulu kuno ku Malawi ankalemba mawu achisoni pa Facebook ngati maliro ndi a pamudzi. Ena ankawadabwa kuti mukulira munthu wosakudziwani. Chisoni chimenecho n'chenicheni, ndipo sichifunika kupepesa. Zidawawanso mu 2014, pamene ochita sewero 16 a Generations adachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino. Ambiri m'pamene tidazindikira kuti anthu amene tinkawaona ngati mabwana analinso antchito odandaula za malipiro.

Akuluakulu a dziko nawonso adaiona mphamvu imeneyi. Mu 2003, Big Brother Africa yoyamba ili m'kati, momwe Zein Dudha ankaimira Malawi, aphungu a Nyumba ya Malamulo adagwirizana kuti TVM isiye kuionetsa ponena kuti ikuononga chikhalidwe. Khoti lalikulu lidasintha chiganizocho, pulogalamu n'kubwerera.

[Chithunzi: wofotokoza ali pafupi ndi kamera]

Chitsanzo chachikulu tili nacho pakhomo pompano. Ana ambiri adakula akuonera Manganya mu Tikuferanji. Mwini dzinalo, a Michael Usi, adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege. Ngakhale pamenepo, anthu ambiri m'minibasi ankangoti Manganya. Pano sindikukamba zoti muwakonde kapena ayi pa ndale. Ndikuti taonani kulimba kwa dzina limene munthu adalimva ali mwana. Ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa amene tidamukonda ndi munthu wolembedwa papepala, pamene wosewerayo ali ndi moyo wake, maganizo ake ndi zofooka zake. Akabwera kudzakugulitsani katundu kapena kudzapempha voti, muyeseni ngati mmene mungayesere wina aliyense.

Kwa inu makolo, ana anu akudutsa momwemo, kungoti iwo akuonera pa foni ali okha kuchipinda, ndipo wotchuka wawo wa pa TikTok akhoza kuwayankha. Apa pali ngozi imene ife tidalibe: anthu achinyengo amatsegula masamba m'dzina la otchuka, n'kumapempha ana zithunzi kapena ndalama. Mwana amene mudamuseka kapena kumukalipira atatchula amene amamufila, tsiku limenelo sadzakuuzani. Ndiye mukaona chithunzi cha mnyamata wa ku Korea pa foni ya mwana wanu, khalani naye pansi, mumufunse kuti, "Ameneyu ndi ndani, amakusangalatsa chiyani?" Kenako mumuuze wanu.