Voisi kwa mng'ono wanga: ana 6, sukulu ya pakhomo ndi Januwale wa ku Leeds

Halo iwe, ndati ndingokutumizira voisi chifukwa manja ali ku masutikesi kuno. Ndege yopita kwathu ndi Loweruka m'mawa, ndiye kuyambira Lolemba sukulu yonse ili m'manja mwako. Alamu ako alipo inde koma akugwira ya usiku, amafika m'ma 8 n'kugona mpaka masana, ndiye usawawerengere kwenikweni, uwadzutse pokhapokha zitavuta zenizeni. Mvetsera mpaka kumapeto, olo uyimitse kaye upange tiyi.

Choyamba uiwale zija tinazolowera kwathu, belu, asembule, aphunzitsi kutsogolo ndi choko ana onse chete. Pano m'nyengo ino amene amalamula tayimutebulo ndi dzuwa basi. Limatuluka 8 koloko itadutsa kale, pofika cha m'ma 4 kwayamba kuda, ndiye maola owala ndi ochepa ndipo usawawononge onse ana ali pa tebulo. Iweyo chifikireni uli m'mashifiti, umalowa ntchito kuli mdima kutuluka kuli mdima, sunaone mmene mdima umenewu umachitira ndi ana 6 atatsekeredwa m'nyumba imodzi. Amayambana pa zinthu zopanda mutu, pensulo, mpando, wina wandiyang'ana. Ndiye lamulo langa lalikulu ndi limodzi, masana aliyense atuluke panja, kaya kukuwaza kaya kuli mphepo. Masamu akatsalira ndidzakonza ndikabwera, koma kutuluka kokha usadumphitse.

Tiyambe ndi m'mawa. Hita imayaka yokha hafu pasiti 6, ndinaitchera kale, ndipo kachowongolera kaja kali mukolido ndinakasiya pa madigiri 19. Usakapititse pa 25 chifukwa choti iwe ukumva kuzizira, ndikukudziwa iwe, vala juzi yachiwiri, gasi kuno si wamasewera. Komanso usakatsitse pansi pa 18, a zaumoyo kuno amati nyumba isatsike kuposa pamenepo, ndiye ndi kamzime kathu kaja ka zaka 2 sindifuna zoyeserera. Ukadzuka upeza mawindo a kuchipinda anyowa mkati madzi akuchita kuyenderera, amenewo ndi mpweya wa anthu ogona, pali kansalu pa windo lililonse, mapasa ndi ntchito yawo kupukuta. Akatero mutsegule mawindo mphindi 10 zokha kenako mutseke. Adandaula kuti kukuzizira, asiye adandaule. Mukapanda kutero makoma amachita chuku chakuda chija m'makona ndi kuseri kwa wodilopu, ndipo chimenecho ndi chimene chimayambitsa zifuwa zosatha.

Kadzutsa ndi phala, kaya la otsi kaya la ufa, uikemo chiponde. Buledi asamalize m'mawa, ndi wa masana. Akatha kudya, vitamini D, ili mukabati ya pamwamba pa ketulo, aang'ono ndi ya madontho akuluwo mapilitsi, mlingo wake ndi 10 micrograms pa tsiku ndipo ndinalemba pa kapepala ndamata mkati mwa chitseko. Usaione ngati nkhani yachizungu, dzuwa la kuno nyengo ino silipanga kanthu pakhungu, ndipo ife akhungu lakuda a zaumoyo a boma, a NHS, amati tizimwa chaka chonse. Nawenso uzimwa. Kenako mafuta, Vaseline kumaso, milomo, zigongono, miyendo, chifukwa hita imaumitsa khungu, mwana amangotuwa mbuu mpaka kuyamba kudzikanda.

Sukulu imayamba 9 koloko, patebulo la kukhitchini chifukwa ndi kumene kumatentha. Tsopano apa mvetsetsa, sikuti uphunzitse onse 6 nthawi imodzi ayi, ungapenge. Achisamba aja a zaka 15 asiye okha kuchipinda kwawo, akukonzekera mayeso a kusekondale a GCSE a Meyi ndi Juni, ali ndi ndondomeko yawo ndipo amaitsata kuposa ine. Chako n'kungowayikira nthawi akamalemba mapepala a mayeso akale, wotchi pa tebulo, foni kwa iwe, nthawi ikatha pensulo pansi olo akupemphe mphindi ziwiri. Ana ophunzirira pakhomo mayeso amenewa timalipira tokha, palibe sukulu yotilipirira, ndiye iyeyo akudziwa kuti pepala lililonse ndi ndalama. Zolembetsa ndinathana nazo kale chifukwa zimatseka mu Febuluwale, imelo ikabwera yokhudza zimenezo angonditumizira.

Mnyamata wa zaka 12 uja ndiye umuyang'anitsitse. Masamu amachita pa kompyuta, maphunziro a Oak National Academy ndi BBC Bitesize, zonse zaulere, koma akhale poti sikirini iwe ukuiona ukamadutsa. Ali ndi chala chachangu uyo, ukangotembenuka ali pa mpira, ukabwerera ali pa mafulakishoni nkhope ili siriyasi. Usalimbane naye, ungomuuza kuti akuonetse kope, ntchito ikhale yolembedwa ndi dzanja, masamu 10 olo 15 ndi njira yake yonse osati ansala yokha.

Mapasa uwakhazike kumathero awiri a tebulo, wina uku wina uko. Akakhala pamodzi mmodzi amaganiza winayo amangokopera, ndipo sindikuuza kuti wokopera ndi uti, uona wekha tsiku loyamba. Ali ndi mabuku awo a masamu ndi Chingerezi, ndapinda masamba ofika mlungu uliwonse, ndiye ma tebulo a kuchulukitsa aziimba tsiku lililonse, pano tili pa 7 ndi 8.

Koma iwe mwini uyambe ndi wa zaka 6. Ameneyo ndiye akufunika munthu pambali, akuphunzira kuwerenga, ndipo mutu wake umagwira m'mawa mokha, mphindi 15 kapena 20 basi. Kuno amaphunzitsa ndi maliwu a zilembo osati mayina ake, ndiye usamuuze kuti ei bi si, musiye atchule kaphokoso ka chilembo chilichonse kenako alumikize. Chingerezi si ngati Chichewa choti a e i o u zimamveka chimodzimodzi paliponse, ndiye akakakamira usamufulumizitse, werenga mumtima mpaka 5 usanamuthandize. Akayamba kuyasamula kapena kugwera pansi pa tebulo mwatha, mawa ndi tsiku. Kamzime kali ndi bokosi lake pamwamba pa filiji, muli zivindikiro, mapegi, makrayoni akuluakulu, limatsika nthawi ya sukulu yokha ndipo ikatha limabwerera, ukalisiya pansi tsiku lonse mawa sakalifunanso ndiye kadzakhala pa mwendo pako m'mawa wonse.

Hafu pasiti 11 mabuku atsekedwe olo wina sanamalize. Adye kenakake kotentha, supu ndi buledi, mbatata zophika, kenako kuvala. Kuvalako kokha kumatenga mphindi 20, usadabwe. Aliyense ali ndi dengu lake pansi pa masitepe, chipewa, magolovesi, sikafu. Uwaveke zopyapyala zingapo zosanjikiza, vesiti, malaya a manja aatali, juzi, ndiye jekete pamwamba, kuti akathamanga n'kutenthedwa avule chimodzi. Majombo a mphira aja satenthetsa phazi, masokosi akhale awiri. Akuluakulu amathandiza aang'ono, achisamba amaveka kamzime, mnyamata amaveka wa zaka 6, iwe ungoyima pakhomo kuwerenga mitu ndi magolovesi.

Kopita kulipo kwambiri. Masiku wamba ndi kupaki ya pafupi ija, ola limodzi lakwana. Lachiwiri ndi ku laibulale, makhadi ali m'chikwama chofiira, mabuku obweza ali momwemo, kumatentha bwino ndipo salipiritsa. Lachinayi kuli gulu la mabanja ena ophunzitsa ana pakhomo, timakumana muholo ya tchalitchi, ana akudziwa njira, kumeneko ndi kumene amaonana ndi anzawo ndiye usalephere olo utatopa, nawenso ukamwa tiyi ndi akuluakulu anzako. Tsiku likakhala loipiratu, mvula ya mphepo ija yobwera cham'mbali, kwerani basi mupite ku myuziyamu, Royal Armouries kapena Leeds City Museum, kulowa ndi ulere, mnyamata uja ku zida zakale zija angathe kugonako. Pobwera mudzere ku Kirkgate Market mugule masamba ndi nsomba, mapasa ndi amene aziwerengera ndalama ndi chenji, amenewonso ndi masamu.

Tsopano za ayisi. Sinowo kuno sikuti imagwa tsiku lililonse, ikagwa sukulu ithe pomwepo atuluke akasewere chifukwa mawa lake imakhala yasanduka matope. Choopsa ndi ayisi wosaoneka uja, msewu umangooneka ngati wanyowa koma ndi galasi. M'mawa kukachita chisanu choyera pa magalimoto, pali chidebe cha mchere wa m'misewu kuseri kwa chitseko, mnyamata awaze pa masitepe a panja. Uyende timasitepe ting'onoting'ono, manja kunja kwa matumba, kamzime mu pulamu osati kumsana. Ndipo mukapita ku Roundhay Park, nyanja zija zikaundana pamwamba palibe mwana wopondapo, olo kuyesa ndi phazi limodzi m'mphepete, olo mpira utagwerapo usiyeni. Mu Disembala 2022 anyamata 4 anamwalira ku Solihull kuno ku England ayisi atawaswekera pa nyanja, ana anga nkhani imeneyi ndinawauza koma uwakumbutse ndithu.

Mwina wina akufunsani m'basi kapena m'shopu kuti bwanji ana sali ku sukulu. Usachite mantha ngati walakwa, ungoti amaphunzirira kunyumba basi. Lamulo la ku England, Education Act ya 1996 gawo 7, limati kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro, kusukulu kapena mwa njira ina. A khonsolo amatidziwa, nthawi zina amalemba kalata kufunsa mmene tikuyendera, ikabwera uijambule unditumizire, usayankhe iwe. Chokhacho ndikupempha, buku lakuda lija lili pa shelefu, madzulo uzilembamo mizere iwiri itatu ya zimene aliyense wachita, olo zoti tinapita ku myuziyamu, ndi limene ndimagwiritsa ntchito powayankha.

Mukabwerako majekete onyowa apachikidwe mukolido, majombo muikemo manyuzipepala. Zochapa ndi tsiku lililonse, anthu 8 si masewera, ukadumphitsa tsiku limodzi mawa ndi phiri. Panja siziuma nyengo ino, ndiye uyanike pa choyanikira m'kachipinda kakang'ono kaja, uyatse makina okoka chinyezi aja, utseke chitseko, madzi ake uzitaya madzulo. Usayanike chilichonse pa kahita ka magetsi, moto umayamba choncho.

Nthawi yovuta kwambiri ndi kuyambira 4 mpaka 6, kunja kwada koma kugona kuli kutali. Apa ndi pamene ndimawalowetsa kukhitchini. Achisamba amatha kuphika nsima ya anthu onse, asiye, ufa uli m'ndowa yoyera, nyemba ndinaphika zambiri zili mufiriza m'makontena olembedwa masiku. Mapasa asende anyezi ndi karoti, wina akonze tebulo. Lachisanu amapanga mandasi kapena chigumu, ayeze okha makapu, akalakwitsa adya zomwezo. Ndiye 5 koloko ndiziyimba ine ndili ndi amayi, kwathu idzakhala 7 chifukwa nyengo ino tasiyana maola awiri, magetsi ndi netiweki zikalola. Pa foni imeneyo Chichewa chokhachokha, awapatse moni agogo awo bwinobwino, osati hai. TV ndi matabuleti ndi pambuyo pa chakudya, ola limodzi, ndipo akakuuza kuti mami amatilola awiri akunama.

Zina ziwiri zofunika ndisanaiwale. Magetsi akathima kapena boila, makina otenthetsa nyumba ndi madzi aja, ikafa, chonde chonde usaganize za mbaula. Kachowotchera nyama kaja kali mushedi ndi makala ake kasalowe m'nyumba olo pakhomo penipeni. Kwathu mu Juni timaotha mbaula koma mphepo imalowa pansi pa chitseko ndi m'malata, ndipo ngakhale konko anthu amafa nayo akatseka. Nyumba za kuno n'zomata paliponse, utsi wa makala uja wosaoneka wosanunkha umangokugonetsa osadzukanso. Alamu yochenjeza za utsi umenewu ili pafupi ndi boila, ikalira tsegula zitseko, tulutsa ana onse, imba 0800 111 999 ya ngozi za gasi, nambala yomweyonso ukamva fungo la gasi. Za magetsi ndi 105. Boila ikangozima yokha yang'ana kawotchi kake ka kutsogolo, muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5, ukatsika alamu ako akudziwa potsegula, imeneyo ndiye nkhani yowadzutsira.

China ndi matenda. Chimfine chibwera, ndipo chikalowa chimazungulira onse mmodzimmodzi. Wodwala sukulu palibe, agone pa sofa ndi bulangete, madzi ambiri, enawo apitirize. Choyezera kutentha chili mukabati ya mankhwala, 38 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi latentha, Calpol, panado wamadzi wa ana uja, umupatse motsata msinkhu wolembedwa pa bokosi, ndipo ulembe nthawi imene wamupatsa kuti alamu ako asabwereze. Asipirini ayi, kuno mwana wosafika zaka 16 sapatsidwa. Ukakayika imba 111 ya malangizo a zachipatala, koma mwana akamabanika, nthiti zikulowa mkati popuma, kapena wangoti lefuu sakudzuka bwino, 999 ya ambulansi osadikira kundifunsa ine.

Aang'ono kugona hafu pasiti 7, mapasa hafu pasiti 8, akulu awiriwo 10 koloko mafoni atasiya kukhitchini pa chaja. Mabotolo a madzi otentha aja usathiremo madzi owira kumene, adikire kaye pang'ono, ndipo kamzime sikagona nalo. Mabini amatenga Lachitatu m'mamawa ndiye atuluke Lachiwiri usiku, mtundu wake uone pa kalendala ya pa filiji. Undiuze msanga ngati ukufuna usipa kapena chitenje chifukwa sutikesi yobwerera nayo ana aidzaza kale ndi maoda awo.