Boma limodzi, sukulu ziwiri: zimene aphunzitsi analankhula pa msonkhano wa makolo ku Joni

Zikomo amayi apampando. Amayi ndi abambo, ndakuonani nonse. Inu mwaima kukhomoko, mipando ilipo kutsogolo kuno, bwerani mudzakhale.

Andipempha kuti ndilankhule za sukulu za ana athu kuno ku Joni. Ndiyamba ndi funso limene mayi wina anandifunsa titaweruka kutchalitchi mwezi wathawu. Iwowa amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, koma amagona ku Alexandra. Anati, "Aphunzitsi, mwana wa abwana anga ali pa sukulu ya boma, wanganso ali pa sukulu ya boma. Nanga bwanji kwa mnzakeyu kuli laibulale, bwalo la udzu, ngakhale dziwe losambiramo, pamene wanga akuthithikana m'kalasi, buku limodzi kulimbirana atatu? Kodi boma lake si limodzi lomweli?"

Boma ndi limodzi, mayi. Ndipo pakati pa Sandton ndi Alexandra pali msewu wa M1 wokha, munthu atha kuyenda wapansi. Koma sukulu ziwirizo zinamangidwa ndi zolinga zosiyana, ndipo zolingazo zinalembedwa m'malamulo. Sizinangochitika ngati chilala ayi.

Chipani cha National Party chinatenga boma mu 1948 ndi kuyambitsa ulamuliro watsankho wa apartheid. Nthawi imeneyo sukulu zambiri za anthu akuda zinali m'manja mwa amishoni, ngati mmene kwathu kunalili ndi Livingstonia, Nkhoma ndi Blantyre. Mu 1953 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Bantu Education Act, limene linalanda sukuluzo ndi kuziika pansi pa unduna woona za anthu akuda. Nduna yake inali Hendrik Verwoerd. Bamboyu sanabise mawu. Ananena poyera kuti munthu wakuda alibe malo pakati pa azungu kupatula pa ntchito zina zotsika, ndipo anafunsa kuti kuphunzitsa mwana wakuda masamu kuli ndi phindu lanji pamene sadzawagwiritsa ntchito. Ndiye kuti sukulu ya mwana wakuda anaikonza kuti itulutse wolima m'gadeni, wochapa, wokumba mumgodi. Ntchito zomwe ambirife tikugwira lerozi.

Mvetsetsani mmene anachitira ndi ndalama, chifukwa mpamene pagona nkhani. Kuyambira 1955, ndalama imene boma linkaika pa maphunziro a anthu akuda kuchokera m'thumba la dziko lonse anaikhomera pa mapaundi 6.5 miliyoni, amene pambuyo pake anakhala R13 miliyoni. Inakhala yomweyo mpaka 1972. Zowonjezera zinkayenera kuchokera ku misonkho ya anthu akuda okha, amene malipiro awo anali ochepa kale. Inu amayi mukudziwa chimachitika n'chiyani ana akamachuluka koma ufa uli womwewo: nsima imasanduka phala. Kalasi imodzi inkalowa magulu awiri, ena m'mawa ena masana. Mwana wa mzungu sukulu inali yokakamiza, mabuku akulandira ulere. Mwana wakuda ankadzigulira yekha mabuku, ndipo akasiya sukulu panalibe womufunsa. Cha m'ma 1975, boma linkaononga R644 pa mwana mmodzi wa mzungu pa chaka, ndi R42 pa mwana wakuda. Gawani nokha: mwana mmodzi ankadya za ana 15.

Kenaka mu 1974 analamula kuti maphunziro ena, monga masamu, aziphunzitsidwa mu Afrikaans, chilankhulo chimene ngakhale aphunzitsi ambiri a m'malokeshoni sankachidziwa bwino. Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anatuluka m'makalasi kukachita zionetsero, apolisi n'kuwaombera. Hector Pieterson, amene chithunzi chake mumachiona ku Orlando West, anali ndi zaka 12. Tchuthi cha pa 16 June chija, chimene ena timangochapira zovala, chinachokera pa nkhani ya sukulu.

Agogo amene muli muno mungakumbuke kuti nafenso kwathu tinalawako. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, sukulu za azungu ndi amwenye zinali pansi pa boma la chitaganya, pamene sukulu za ana athu anazisiyira boma la Nyasaland ndi amishoni. Kungoti kwathu azungu anali ochepa. Kuno anali ambiri, ndipo anamanga zambiri.

Tsopano wina anena kuti, "Zimenezo n'zakale, Mandela anamasula dziko mu 1994." Zoona. Maunduna a maphunziro amene anagawidwa potsata khungu ndi mabantustan, madera amene boma latsankho linapatulira anthu akuda potsata mitundu yawo, anawaphatikiza. Ndime 29 ya malamulo aakulu a dziko lino imati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira. Koma taonani zimene zinachitika kutatsala pang'ono kuti ufulu ufike. Pakati pa 1990 ndi 1992, boma la azungu litaona kuti madzi afika m'khosi, linasandutsa sukulu zambiri za azungu kukhala zimene mumamva akuti Model C. Boma linapitiriza kulipira aphunzitsi, koma nyumba, mabwalo ndi mphamvu yokhazikitsa fizi linazipereka kwa makolo. Lamulo la sukulu la 1996 linazibwezera sukuluzi m'gulu la sukulu za boma, koma linasiyira komiti ya makolo, imene amaitchula kuti SGB, mphamvu yotolera fizi, yolemba aphunzitsi owonjezera, ndi yosankha chilankhulo chophunzitsira. Anaopa kuti akathetsa fizi, anthu andalama onse athawira ku sukulu za pulayiveti. Mantha amenewo anali ndi nzeru yake, sindikana. Koma mtengo wake akulipira ndi mwana wa ku Alexandra.

Pa pepala, boma la lero limakondera osauka. Sukulu zonse anazigawa m'magulu asanu amene amati ma quintile, potengera umphawi wa dera. Gulu 1, 2 ndi 3 ndi sukulu zaulere, ndondomeko imene inayamba mu 2007, ndipo zimalandira ndalama zambiri pa mwana aliyense kuposa gulu 4 ndi 5. Mwamva "zambiri", koma ndalama yakeyo siifika ngakhale R2,000 pa mwana pa chaka, ndipo ndi yoti agulire choko, mabuku, alipire magetsi ndi madzi, akonzere mawindo. Gawo lalikulu la bajeti limapita ku malipiro a aphunzitsi, ndipo limenelo limagawidwa makamaka potsata chiwerengero cha ana. Pamene sukulu ya gulu 5 m'dera la anthu olemera imatha kutolera R30,000 kapena R50,000 pa mwana mmodzi. Ndi ndalama imeneyo komiti imalemba aphunzitsi ake apadera, kalasi n'kuchepa. Holo, labu ndi dziwe anazipeza kale, zomangidwa nthawi ya R644 ija. Sukulu ya kulokeshoni ikuyamba kumene kufuna mpanda.

Palinso chinthu chimene anthu sakonda kuchitchula, ndipo ine monga mphunzitsi ndichinena mwaulemu. Aphunzitsi ambiri a m'malokeshoni ndi kumidzi anaphunzitsidwa ndi anthu amene anadutsa mu Bantu Education. Si ulesi, ena mwa iwo amagwira ntchito kuposa aliyense. Koma munthu amene anamanidwa masamu sangawapereke okwanira kwa mwana, ndipo mwanayo akadzakhala mphunzitsi, mpata uja umapitirira. Nyumba mutha kumanga chaka chimodzi, mphunzitsi ayi. Zotsatira zake zinaoneka pa kafukufuku wa maiko ambiri woyesa kawerengedwe ka ana, wotchedwa PIRLS, wa 2021: ana 81 pa 100 aliwonse a Giredi 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga ndi kumvetsa zimene awerenga, m'chilankhulo chilichonse. Ndipo ana ochepa amene ankathawo sanamwazikane mofanana m'sukulu zonse.

Kumidzi, m'madera amene anali mabantustan, ndiye kuli zomvetsa chisoni. Mu January 2014, mwana wa zaka 5, Michael Komape, anagwera m'chimbudzi chokumba pa sukulu yake ku Chebeng, m'chigawo cha Limpopo, n'kumwalira. Anali atangoyamba kumene sukulu masiku omwewo. Izi zinachitika patangopita miyezi iwiri nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, Angie Motshekga, atasainira malamulo a mu November 2013 onena zimene sukulu iliyonse iyenera kukhala nazo, madzi, magetsi, zimbudzi zabwino, ndipo anasaina atakokedwa ndi bungwe la Equal Education kukhoti. Banja la mwanayo, mothandizidwa ndi maloya a Section27, linayenda m'makhoti mpaka 2019 kuti lipatsidwe chipepeso. Mu 2018 mwana winanso, Lumka Mkhethwa, anafa imfa yomweyo ku Bizana. Ife a ku Malawi chimbudzi chokumba sitichidabwa, tonse tinakulira momwemo. Koma dziko lino lili ndi sitima yamakono yothamanga kwambiri ya Gautrain. Kuno si kusowa ndalama kokha, ndi nkhani ya kuti mwana wa yani ndi amene amawerengedwa.

Tibwere pa zimene zikutikhudza ife mwachindunji, chifukwa ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mawotchi.

Masiku ano palibe sukulu imene ingalembe pageti kuti "akuda ayi". Mukapita ku sukulu zambiri zakale za Model C mupeza ana akuda ndiwo ambiri. Chimene chimasefa tsopano ndi adiresi, fizi ndi chilankhulo. Adiresi imasefa chifukwa lamulo la Group Areas Act la 1950 linaika anthu akuda kutali ndi tauni, ndipo ambiri akadali komweko. Kale ku Gauteng sukulu inkayamba kutenga ana okhala pamtunda wa makilomita 5. Khoti lalikulu la malamulo a dziko litagamula mlandu wa FEDSAS, bungwe la makomiti a SGB, mu 2016, chigawo chinakonzanso malire, ndipo tsopano mwana wokhala mpaka makilomita 30 ali ndi mzere wake wofunsira malo, ngakhale kuti apafupi ndiwo amayamba. Chilankhulo chimasefa chifukwa sukulu ikanena kuti imaphunzitsa mu Afrikaans yokha, ana ambiri akuda atsekeredwa kunja ngakhale mipando ili yopanda anthu. Mlandu wa sukulu ya Ermelo mu 2009 unali wa zimenezi. Lamulo la BELA, losintha malamulo a sukulu, limene Pulezidenti Ramaphosa anasaina mu September 2024, linapatsa akuluakulu a maphunziro m'zigawo mawu pa nkhani ya chilankhulo ndi kalembedwe ka ana, n'chifukwa chake munamva phokoso lonse lija.

Ndiye amayi aja a ku Alexandra ndinawauza izi, ndipo inunso gwiritsitsani. Pofunsira malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 kuno ku Gauteng, zonse zimachitika pa intaneti, chapakati pa chaka, osati mu January ayi. Mumaloledwa kusankha sukulu mpaka zisanu. Ndipo kupatula adiresi ya kunyumba, mutha kufunsira ndi adiresi ya kuntchito. Inu amene mumalima m'gadeni ku Randburg, inu amene mumalera ana a eni ake ku Sandton, kalata ya abwana yotsimikiza kuti mumagwira ntchito pamenepo ingathandize mwana wanu kulowa mumzere wa sukulu ya dera limenelo. Sindikulonjeza kuti apeza malo. Koma ambiri sitiyesa n'komwe, timangoti "zimenezo n'za azungu".

"Nanga fizi?" Ndamva, achimwene. Sukulu ya boma ilibe chilolezo chokanira mwana chifukwa kholo silingathe kulipira. Pali fomu yopempha kuchotseredwa fizi. Ngati fizi ya chaka ikufika gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse zimene bambo ndi mayi mumapeza pa chaka, mukuyenera kuchotseredwa yonse. Ikakhala yocheperapo, amatha kuchotsako gawo. Tiyerekeze kuti nonse awiri mukaphatikiza mumapeza R8,000 pa mwezi, pa chaka ndi R96,000. Fizi ikakhala R25,000, yadutsa kale malire aja. Sukulu zina fomuyi amaibisa m'kabati, chifukwa mwana wosalipira kwa iwo ndi kuluza. Ifunseni, lembani, sungani kope yanu. Akakana, mutha kuchita apilo ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Ndipo sukulu siiloledwa kukaniza mwana lipoti lake kapena kumuletsa mayeso chifukwa cha ngongole ya fizi.

Ya mapepala ndiyo imatiopsa kwambiri ife obwera. Ineyo zinandichitikira ndi mdzukulu wanga: kalaliki wa pa sukulu ina anangoyang'ana chiphaso chake cha kubadwa cha ku Malawi n'kunena kuti malo atha, pamene munthu wobwera pambuyo panga anamupatsa fomu. Ndinabwerera kunyumba mwakachetechete chifukwa sindinkadziwa. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene anatsogolera a Centre for Child Law, linagamula kuti mwana sangachotsedwe kapena kukanidwa sukulu chifukwa alibe chiphaso cha kubadwa kapena pemiti. Ndime 29 ija imati "aliyense", siinena kuti nzika zokha. Ngati pepala palibe, kholo litha kulemba afidaviti yofotokoza kuti mwanayo ndi ndani. Kalaliki akakuuzani kuti malo atha, mupempheni mwaulemu kuti alembe zimenezo papepala ndi kudinda chidindo. Kawirikawiri nkhope imasintha pomwepo.

Chomaliza, amene ana anu ali pa sukulu za kulokeshoni, ndipo ndi ambirife, musamajombe misonkhano ya makolo poganiza kuti ndinu alendo. Bajeti ya sukulu imavomerezedwa ndi makolo pa msonkhano wa pachaka, ndipo komiti ya SGB imasankhidwa zaka zitatu zilizonse. Pitani mukafunse kuti ndalama ya boma inabwera zingati ndipo mabuku anagula angati.

Loweruka likubwerali achinyamata athu awiri abwera ndi malaputopu muholo muno kuyambira 10 koloko. Mutenge pepala lililonse la mwana limene muli nalo, khadi ya kusikelo ya katemera, lipoti lomaliza, ndi kalata ya lendi kapena ya abwana. Amayi apampando, ndaona dzanja kumbuyoko, kaya tiyambe ndi agogo avala duku lobiriwirawo.